Nyumba ya Ndalama za ku Joni

Nyumba zomangidwa ndi ndalama za ku Joni zikutha, ndipo zikutha popanda wozilira. Mukapatuka pa Tsangano Turn-off n'kusiya msewu wa M1, kulowera kumapiri uko, mudzaziona apa ndi apo pakati pa minda ya mbatata ya kachewere ndi kabichi: zazifupi, khonde kutsogolo, malata atafiira ndi dzimbiri, mazenera aang'onoang'ono otseka ndi matabwa chifukwa omanga ake ankadziwa kuzizira kwa kuno. Zina zikadali ndi anthu. Zambiri zasanduka mosungira mbewu ya mbatata kapena mogona mbuzi, ndipo pambali pake payima ina yatsopano, yaitali, ya malata abuluu, yomangidwa ndi mdzukulu amene ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg komwe kuja agogo ake adakakumba golide.

Amene adazimanga anali anyamata a Wenela. Bungweli linkalemba amuna kuno n'kuwakweza ndege kupita nawo kumigodi ya ku South Africa, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi ogwira ntchito kumeneko adapitirira 100,000. Malipiro ake anali ochepa poyerekeza ndi thukuta lake, koma gawo lina linkasungidwa n'kudzaperekedwa munthu atafika kwawo. Motero mnyamata amene sadagwirepo ndalama zambiri pakamodzi ankangozindikira zili m'manja. Ena adagula njinga, wayilesi ndi suti. Ena adagula ng'ombe ndi ngolo. Ena, pajatu ndife Angoni, adazithera pa masese ndi nyama yootcha. Agogo anga aamuna adagula malata. Mu Epulo 1974 ndege idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kumudzi, ndipo Kamuzu adaletsa Wenela. Njira idatsekukanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, ngakhale opita anali ochepa, mpaka idatsekekeratu mu 1988. Ndiye kuti zambiri mwa nyumbazi zakwanitsa zaka 50, msinkhu umene nyumba imafunsa eni ake ngati akuifunabe.

Yathu ili m'gulu limenelo. Ili ndi zipinda zitatu ndi pabalaza, khitchini ili payokha kuseri, ndipo idamangidwa pachitunda choyang'ana tsidya la Mozambique. Ndikati tsidya musaganize za mtsinje. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana mu 1891 adadutsa pakati pa Angoni a Maseko, moti m'malo ambiri msewu womwewo ndiwo malire, ndipo mbali inayo kulinso boma lotchedwa Tsangano, m'chigawo cha Tete. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo abale a tsidyalo adadzaza nyumbayi mpaka pakhonde. Amayi amati usiku panalibe poponda. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, anthuwo adayamba kubwerera. Kenaka ana adakula n'kumwazikana, agogo aamuna adatisiya, agogo aakazi adatsala okha mpaka nawo adatsikira kulichete. Maliro atatha tidakhoma loko pachitseko, aliyense n'kubwerera komwe adachokera. Madzinja angapo adadutsa loko ali pomwepo.

Kwathu munthu sungatule thumba la simenti pakhomo la makolo usanaonane ndi malume. Agogo aamuna anali mkamwini: malata anali awo, koma dothi linali la akazi awo, ndipo akaziwo atapita mawu omaliza ali ndi mbumba. Choncho ganizo lokonza nyumbayi ndidakalitula kaye kwa malume, amene ndiwo mwinimbumba. Adaitana alongo awo, tidakhala pamphasa, ine n'kufotokoza. Adamva zonse ali chete, kenaka adati, "Mphwanga, maganizo akowa ndi abwino. Koma ndikufunse, ukaikonza idzakhala ya yani?" Ndidati ya tonse. Malume adaseka. "Ya tonse ndi imene yafika pomwe yafikapa."

Pamenepo m'pamene padagona nkhani. Nyumbayi sidaole chifukwa cha umphawi. Pabanja pathu pali mphunzitsi, pali wogula mbatata n'kukagulitsa ku Blantyre, pali ena ali ku Joni amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Aliyense akadatha kugula misomali ndi kulipira wokwera padenga. Koma aliyense ankaopa. Ukaikapo ndalama zako, abale ati wayamba kuilanda. Ukalowamo, ati wadya chuma cha masiye wekha. Ukaikonza n'kubwerera kutauni, wina adzalowamo osakupempha, ndipo ukadzafunsa udzaoneka wamwano. Chapafupi n'kupempha kamalo pambali, kuumba njerwa zako, kumanga yako imene palibe adzakufunse. Ndikhulupirira kuti mabwinja ambiri amene mumawaona m'midzi yathu adayamba motere, chiswe chidangobwera kudzamaliza.

Malamulo alipo. Lilipo la mu 2011 lokhudza chuma cha masiye, lilipo la mu 2016 lolola munthu kapena banja kulembetsa malo a kumudzi. Koma pepala limafuna dzina loti lilembedwepo, ndipo dzina ndilo limene tonse tinkalizemba. Tidakambirana mpaka nkhuku kulowa m'khola. Pomaliza tidagwirizana kuti m'nyumbamo mulowe achemwali, mwana wa mayi aang'ono, amene ukwati wawo udatha ndipo ankagona ndi ana m'kanyumba ka udzu kodontha. Kuti chipinda chimodzi chizikhala cha aliyense wobwera kuchokera kutauni. Ndiponso kuti chilichonse chimene munthu waperekapo chilembedwe m'kope pamaso pa anyakwawa, osati ngati ngongole, koma kuti mawa wina asadzanene zake. Simenti ndidaigula zitatha izi.

Tsono tidayang'anizana ndi tchire. Kumapiri kuno mvula imagwa yambiri, nkhungu imagona mpaka dzuwa litakwera, choncho malo osiyidwa sachedwa kusanduka thengo. Njira ya kuchimbudzi inali itatsekeka. Nsenjere idatalika kupitirira mazenera, deliya adadzaza pomwe panali khola, ndipo lantana, amene wina adamubzala kale ngati mpanda wa maluwa, adalukana mpaka kukwera padenga la khitchini. Anyamata aganyu atangoona adati njira yachidule ilipo: machesi amodzi madzulo ano, mawa tidzangokumba mbewa. Ndi mmene ambiri amachitira chilimwe chikafika, ndipo sindingawanyoze. Kutchetcha tchire lotere ndi chikwakwa kumathyola msana, komanso m'menemo mumakhala njoka ndi mavu.

Mayi aang'ono ndiwo adakana. Adabwera ndi ndodo yawo, adamanga chitenje m'chiuno, n'kuyamba kutsogolera anyamatawo. "Apa dulani. Apa musakhudze, pali pichesi wa amayi. Uyo ndi bulosi, mungomusadza. Taimani ana inu, pamenepo panali dzala, muthyoka miyendo." Kwa ine zonse zinali masamba obiriwira ofanana. Iwo ankawerenga tchirelo ngati kalata yochokera kwa amayi awo. Pang'onopang'ono mudatuluka mitengo ya mapichesi, mapeyala, magwafa, tsinde la nthochi kumunsi kumene kunkatsikira madzi a kubafa, ndi phata la nsungwi limene agogo ankadulako zolukira nkhokwe. Ngakhale zimene anyamata ankaziyesa udzu, amayi a pamudzi adabwera ndi malichero kudzazithyola: chisoso, bonongwe, mwamunaaligone, zonse zonenepa chifukwa cha ndowe za khola lakale.

Chofunika kwambiri chidapezeka kumapeto kwa malo. Mkati mwa lantana munali mzere wa nkhadze ndi khonje, wokhotakhota, wina utauma. Mzere umenewo ndiwo malire a pakati pa ife ndi banja loyandikana nalo, ndipo palibe pena paliponse pamene malirewo adalembedwa. Ku Tsangano, kumene mzere umodzi wa mbatata ndi ndalama, anthu amatengerana kubwalo chifukwa cha malo oti sangakwane mphasa. Moto ukadadutsa pamenepo, mayi aang'ono n'kudzamwalira, ana athu ndi ana a anansi athu akadadzalozerana zala popanda mboni. Tidaitana anansiwo tsiku lomwelo, tidayenda nawo mzere wonse, n'kubzala nkhadze zatsopano m'mipata tonse tikuona.

Chomera chilichonse chili ndi kachitidwe kake, ndipo chikwanje chokha sichikwanira. Lantana ukangomudula amaphuka mwaukali kuposa poyamba, choncho amafunika kuzula ndi khasu kapena piki, komanso asatayidwe kumene ng'ombe zimadya chifukwa masamba ake amazidwalitsa. Deliya, ngakhale ndi wolanda malo, masamba ake amawola msanga n'kusanduka manyowa abwino. Tidamuunjika m'dzenje pamodzi ndi zinyalala zina. Mapichesi okalamba amasadzidwa nthawi yozizira, mu Juni kapena Julayi, masamba atayoyoka, kuchotsa nthambi zouma ndi zopingasana kuti dzuwa lilowe pakati. Mabulugamu awiri amene adamera pafupi ndi khoma tidawagwetsa popanda wodandaula, chifukwa mizu yake inali italowa pansi pa khonde ndipo nthambi zake zinkakhula malata kukachita mphepo. Mitengo yake idatipatsa mitanda.

Pokumba pangodya ina ya nyumba, khasu lidagunda kabotolo kotsekedwa ndi chitsononkho, mkati muli zakudazakuda. Anyamata adaponya makasu pansi n'kuima patali. Mayi aang'ono adangosuzumira n'kunena kuti, "Bwezerani pomwepo. Abambo adatsirika nyumba yawo, sadatsirike inu." Tonsefe timapita kutchalitchi, ena ndi akuluampingo, koma palibe adatsutsa. Kabotoloko kadakali pamenepo.

Mmisiri amene tidamupeza ndi bambo wachikulire wa mudzi wapafupi, amene adaphunzira ntchito pomanga matchalitchi ndi nyumba za aphunzitsi. Tsiku loyamba sadagwire chida chilichonse. Adazungulira nyumba akugogoda khoma ndi chibakera, akutchera khutu, akukanda njerwa ndi msomali. Adalowa m'kati, adayang'ana kudenga kumene kuwala kunkalowera m'mabowo, adanunkhiza fungo la mileme. Potuluka adati, "Achimwene, nyumbayi sinakalambe. Yangomwa madzi."

Adandionetsa mmene madziwo adalowera. Nyumba ili pachitunda, ndipo chaka ndi chaka mvula inkakokolola dothi la kumtunda n'kuliunjika kukhoma lakumbuyo, mpaka dothilo lidakwera kupitirira maziko. Agogo ali moyo ankapalira ngalande dzinja lisanayambe. Atapita ngalandeyo idakwiririka. Khoma lidayamba kuyamwa chinyezi, pulasitala idayamba kufufuma n'kugwa, ndere zidamera. Kudenga nako mphepo idasukunula misomali, dontho lililonse likutsikira pa mtanda womwewo mpaka udafumbwa. Chiswe chidalowera pa chitsa chakale chimene chidasiyidwa pafupi ndi khitchini, chidapeza matabwa onyowa, n'kukwera. Mvula ikakuona litsiro sikata. Koma palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chikadakula pakadakhala munthu wogona m'nyumbamo, woti dontho limugwere pamphumi usiku, m'mawa n'kukwera padenga ndi hamala.

Choncho ntchito yoyamba sinali yosangalatsa kujambula n'kutumiza pa WhatsApp. Tidakumba dothi lonse lakumbuyo mpaka maziko adaoneka, tidatsegula ngalande mbali zitatu, tidabzala vetiva kumtunda kuti agwire nthaka, tidazula zitsa, tidakumba kachulu kamene kanali kuseri kwa khola mpaka kupeza make chiswe. Panali mng'alu umodzi pakhoma la pabalaza umene unkandidetsa nkhawa. Mmisiri adaumata pang'ono pamalo amodzi n'kunena kuti tiusiye kaye: pakang'ambikanso ndiye kuti maziko akuyendabe, pakapanda kung'ambika ndiye kuti khoma lidakhazikika kale. Sipadang'ambike.

Mkangano waukulu udabwera pa maonekedwe. Abale a kutauni atamva kuti ntchito yayamba, malangizo adayamba kubwera pa foni. Gumulani mazenerawo muike aakulu agalasi. Kwezani khoma. Ikani matailosi. Matani simenti yolimba paliponse. Mmisiri adakana zambiri mwa izo, ndipo ine ndili kumbali yake mpaka lero. Nyumba ya ku Area 25 kapena ku Chirimba imalimbana ndi kutentha. Ya ku Tsangano imalimbana ndi chisanu cha mu Juni ndi mphepo ya m'mapiri. Mazenera aang'ono, khoma lochindikala ndi denga lotsika zimasunga kutentha kwa mbaula usiku wonse, pomwe matailosi kuno amaluma mapazi. Kunena za simenti, njerwa za nyumbayi ndi zootcha koma adazimanga ndi dothi. Khoma lotere limapuma: likanyowa limaumanso. Ukalikuta ndi simenti yolimba kwambiri, chinyezi chimatsekeredwa m'kati, ndipo pakapita zaka pulasitalayo imasomphoka yonse pamodzi ndi nkhope ya njerwa. Adasakaniza matope ofewa a mchenga wambiri, pamwamba n'kupaka laimu. Ena adati zikuoneka zachikale. Inde zikuoneka zachikale, chifukwa nyumbayo ndi yakale.

Kumanga ndi dothi kudatipindulitsanso mwanjira ina. Khitchini inali yosapulumutsika, tidaigwetsa. Koma njerwa zake zinkachoka zathunthu, kungozipala pang'ono, ndipo zomwezo zidamanganso khitchini yatsopano ndi bafa. Zikadakhala zomangidwa ndi simenti zikadasweka. Sitidaumbe njerwa, sitidawotche uvuni. Aliyense amene adaonapo mulu wa nkhuni umene uvuni umodzi umameza, n'kuyang'ana mmene mapiri a Ntcheu ayerera, adziwa kuti imeneyi si nkhani yaing'ono. Mu 2018 boma lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, koma kumudzi uvuni ukufukabe, ndipo gawo lina la utsiwo ndi la nyumba zomangidwa pambali pa zinzake zimene zikadatheka kukonzedwa.

Malata a agogo adandidabwitsa. Titawatsitsa, oposa theka adapezeka ali bwino, dzimbiri lili pamwamba pokha. Mmisiri adanyamula limodzi, adandipatsa kuti ndimve kulemera kwake, kenaka adandipatsa latsopano la geji 32 limene wina adabwera nalo ngati chitsanzo. Pa malata, nambala ikamakwera ndiye kuti chitsulo chikupyapyala, ndipo latsopanolo linkapindika ndi dzanja limodzi. Akalewo tidawakhula ndi burashi yawaya, tidatseka mabowo, tidawapaka penti n'kuwabwezera mbali yakumbuyo. Kutsogolo tidaika atsopano a geji 28. Mitanda tidaipaka oyilo wakuda wotsala m'galimoto, monga amachitira ambiri poopa chiswe ndi afumbwe. Kuyambira nthawi ya Kamuzu, amene ankakonda kunena za chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, mpaka ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo ya nthawi ya Peter Mutharika, malata akhala chizindikiro chakuti banja latukuka. Taphunzitsana kuwalakalaka ndi kuwakhoma. Za kukwerapo chaka ndi chaka kukakhomerera misomali sitikambirana.

Ndalama zidapita, ndisaname. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi K25 pa K100 iliyonse mu Meyi 2022, ndiponso ndi K44 pa K100 iliyonse mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chokhudza chitsulo, penti ndi simenti chidakwera motsatira. Mtengo umene wakuuza wa sitolo lero sukhala womwewo sabata yamawa. Kukweza katundu kumapiri kuno ndi nkhani inanso. Tidapulumukira malole obwera kudzatenga mbatata, amene pokwera amakhala opanda kanthu. Komabe nditawerengera zonse, zidachepa kwambiri poyerekeza ndi kuyamba nyumba ya msinkhu womwewo kuchokera pa maziko, ngakhale ya njerwa zosapaka pulasitala.

Ena kuntchito amandifunsa ngati sizindiwawa kuti ndidathira ndalama pa nyumba imene si yanga. Nthawi zina zimandiwawa, makamaka mwezi ukafika pakati. Ndikapita ndimagogoda, ndimadikira kuti anditsegulire, ndimagona m'chipinda cha alendo chimene nthawi zina ndimapeza muli matumba a nyemba. Achemwali adasintha zina zimene ine ndikadazisiya: pomwe ndinkafuna kapinga adabzalapo anyezi ndi adyo, ndipo pakhonde limene ndidalipaka bwino amayanikapo chimanga. Sindilankhula kanthu. Iwo ndi amene amapalira ngalande mu Okutobala, ndi amene amaona kanjira ka chiswe kakangoyamba kukwera khoma, ndi amene amathamangitsa mbuzi ku mapichesi. Popanda iwo, ndalama zanga zonse zikadangogula madzinja ena ochepa, loko n'kubwerera pachitseko.

Sindikunena kuti nyumba iliyonse yakale ndi yoyenera kuipulumutsa. Ina maziko ake adatha, ina idamangidwa m'dambo, ina ndi ya zidina zimene zidasungunuka kale. Imeneyo igwetseni, mutengepo zitseko ndi malata. Koma inu amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni, ndipo mwayamba kale kufunsa mtengo wa njerwa kuti mukamange pambali pa nyumba ya makolo, yambani mwapita kumudzi m'chilimwe, mvula isanagwe. Khalani pansi ndi mwinimbumba mumvane za amene adzalowemo. Tengani mayi wachikulire amene akudziwa zimene zidabzalidwa pamalopo, ayende patsogolo pa chikwanje. Kenaka itanani mmisiri agogode khomalo, mumve zimene anene musanagule chikombole.